Bokosi la Yehoyada ndi Denga la Odwala

Mau olalikidwa pa Mishoni ya Mulanje, titawerenga 2 Mafumu 12

Mwamva kuti kufikira chaka cha 23 cha mfumu Yehoasi ming'alu ya Kachisi inali yosakonzedwa. Ansembe sanakane ntchitoyo. Anangoti mawa, mawa, ndipo ndalama zinalowa kwina. Pamenepo wansembe Yehoyada anatenga bokosi, naliboola pachivundikiro, naliika pambali pa guwa la nsembe, kuti zopereka zifike m'manja mwa amisiri a matabwa ndi osema miyala.

Tsono tiyang'ane nyumba zathu za odwala. Sitinazitole panjira. Robert Cleland wa Mpingo wa ku Scotland anafika kuno kuphiri, namwalira m'chaka cha 1890, ntchito ili yakhanda. Ena anatola khasu limene iye anasiya, ndipo m'chaka cha 1928 mishoni inasamukira pamalo pano. Njerwa za masiku amenewo anaziumba pachikombole makolo athu, naziotcha ndi nkhuni zosenza pamutu, monganso anachitira ku Blantyre pomanga tchalitchi cha St Michael and All Angels ndi David Clement Scott, kuyambira 1888 kufikira 1891. Maina a oumbawo sitiwaona pa mwala. Koma ambiri a ife tinalira kulira koyamba pakati pa makoma ao.

Kumanga chatsopano kukoma, pakuti kuli nyimbo ndi alendo. Kukonza chakale kuli fumbi lokha. Mmisiri asanaike lata latsopano ayenera kusasula lakale, nagogoda phaso lililonse, kuti amve ngati chiswe chadya m'kati. Pakuti mtanda wodyedwa uoneka wamoyo kufikira tsiku limene ugwa. Ndiponso chipatala sichitsekedwa monga sukulu patchuthi. Nyundo ilira mbali ino, mbali inayo mai ali pakuchira. Potero odwala asunthidwa chipinda ndi chipinda, ndipo ntchito iyenda pang'onopang'ono. Musadandaule nayo.

Kale omanga kuno anadalira mkungudza wa m'phiri, umene chiswe chiuopa. Lero mitengo yake yaikulu yatha ndi macheka ndi moto, ndipo tigula matabwa ena ofuna mankhwala. Mvula ya Mulanje nayo muidziwa. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa nyumba, nakokolola milatho kuno ndi ku Phalombe, ndipo ovulala anafunafuna denga losadontha. Amene akonza ngalande m'chilimwe achitiratu chifundo munthu amene sanamuone.

Koma taonani chodabwitsa m'mau athu: kwa iwo amene analandira ndalama zolipira antchito sikunafunsidwe chiwerengero, popeza anali okhulupirika. Kodi za ife zinganenedwe zotere? Thumba la simenti lotuluka usiku pampanda silisowa pomwepo. Woponda matope angoonjezera mchenga, khoma liima, njereza ibisa zonse. Ndipo patapita zaka, mng'alu utseguka pamwamba pa bedi la mwana. Mwanayo kapena adzakhala mdzukulu wa wogula simentiyo.

Sitinena kuti abale a kutsidya la nyanja aleke kutithandiza; tiwayamika. Koma chipatala ichi chili m'manja mwa Sinodi ya Blantyre, ndiye kuti m'manja mwathu. Wa ndalama aponye m'bokosi, ngakhale yochepa. Wopanda ndalama ali ndi khasu, ndipo ngalande zifuna kupalidwa mvula yoyamba isanagwe. Akulu a mpingo atsale pakhomo tikatuluka, kuti alembe maina mudzi ndi mudzi.