Kodi Mlendo Adzaipeza Bwanji Sitolo Yanu?

 Madzulo ano tikambirana za malonda a kumudzi ndi makina a Google.

Inu ocokera ku Nyimba ndi ku Petauke muudziwa bwino mseu wa Great East Road. Munthu akaoloka mlato wa Luangwa, umene unamangidwa m'caka ca 1968, nakwera mapiri aja, ayamba wafika pa Kacholola asanaone Nyimba. Kale mwini sitolo kapena nyumba ya alendo pamalo otere sanali kubvutika kudzilengeza. Cikwangwani cace cinali m'mbali mwa mseu, ndipo oyendetsa malole anali kuuzana okha pamene pali nsima yabwino. Lero alendo ambiri afunsa lamya yao ya m'manja asananyamuke ku Lusaka, naima pamene lamyayo yawauza. Cifukwa cace, inu amene mwaika ndarama za thukuta lanu m'malonda kwanu, cherani khutu.

Munthu akalemba pa Google kuti afuna malo ogona pafupi ndi Nyimba, maina aturuka mondandalika. Palibe kalaliki amene akhala pansi kuwasankha. Awasankha ndi makina, potsata malamulo a masamu ochedwa algorithm. Eni ace anena kuti pa malonda a m'dera makinawo ayang'ana zinthu zitatu: ngati malondawo ali omwewo amene munthu afuna, kutalika kwa mtunda, ndi kuchuka kwa dzina. Anthu ambiri asankha pa maina oyamba okha, ndipo amene ali pansi saoneka konse.

Tsono malamulo amenewa sakhala cikhalire. Kampani ya Google, imene Larry Page ndi Sergey Brin anaiyamba mu 1998, iwasintha kawiri kawiri, ndipo kusintha kwakukuru kucitika kangapo pa caka. Mu 2011 kunadza kusintha kochedwa Panda, kumene kunatsitsa masamba a mau ocepa ndi okopera kwa ena. Mu 2012 kunadza Penguin, kulanga amene anali kugula maulalo kuti masamba ena awaloze. Mu 2014 Pigeon inapatsa mphamvu nkhani ya mtunda, kuyambira ku America. Mu April 2015 anayamba kukweza masamba owerengeka bwino pa lamya. Ndipo mu 2024 anayamba kuika yankho lolembedwa ndi makina pamwamba pa maina onse, kotero kuti munthu angathe kumva zimene afuna osatsegula tsamba la munthu ali yense.

Mwaona tsono kuti munthu angagone ali woyamba nadzuka ali wakhumi, wosalakwa kanthu, ndiponso wopanda bwalo lokadandaula. Ziri monga mseu ukapatutsidwa: sitolo iri pomwepo, katundu ali momwemo, koma magalimoto apita kwina.

Nanga ticite ciani? Coyamba, cenjerani ndi anthu amene adza nanena kuti mukawalipira adzakuikani pamwamba kosatha. Eni Google anena poyera kuti malo a pa mndandanda sagulidwa. Cogulidwa ndi kulengeza malonda kokha, ndipo kumeneko kuli ndi cizindikiro cace. Macenjerero a anthu otere ndiwo amene Panda ndi Penguin anadzera.

Caciwiri, lembetsani malonda anu pa Google Business Profile, pakuti kulembetsako nkwaulere. Ikani cizindikiro pa mapu pamalo peni peni. Cikasokera kuthengo, mlendo adzapitirira usiku. Dzina, nambala ya lamya ndi nthawi yotsegulira zikhale zoona, ndi zofanana ponse pamene mwazilemba. Ena alemba Kachalola, ena Kacholola: sankhani kalembedwe kamodzi. Jambulani zipinda monga ziri, osati za mnzanu wa ku Chipata.

Cacitatu, mlendo akakondwa, mpempheni mwaulemu kuti alembeko mau a umboni. Koma musauze abale anu kulemba maumboni onama, pakuti malamulo aletsa, ndipo makina akazindikira awafafaniza.

Cotsiriza ndico cacikuru. Akuru anati, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Malo anu pa Google ali ngati fodya wa pacala. Wa pamphuno ndi woyendetsa lole uja amene anadya kwanu nakhuta, nasunga nambala yanu, nauza anzace. Ameneyo palibe kusintha kwa ku America kumene kungakulandeni. Mukalembera a kumudzi amene akusungirani sitolo, muwauze kuti asese bwalo, asunge madzi oyera, ndi kunena mtengo umodzi kwa onse.