Kompyuta ikakana chimbale, musathamangire kuchitaya

Ine ndine mlimi wa mbatata ndi chimanga ngati inu nomwe, sukulu ndinalekezera ku pulaimale. Koma poti munandisankha kuti ndizisunga kompyuta ya kalabu, ndakhala ndikufunsa anyamata okonza makina, ndipo lero ndikuuzeni zimene ndaphunzira pa vuto la zimbale za DVD zimene kompyuta imazikana.

Mwina wina anena kuti DVD ndi yachikale, masiku ano zonse zili pa foni ndi pa fulashi. Zoona. Koma m'katoni mwathumu muli mafilimu a ulimi amene anatisiyira alangizi, mapologalamu athu akale, maukwati, ndi magule amene ena mwa oimba ake anatisiya. Zambiri mwa izi sizili kwina kulikonse. Chimbale chotere chikatayidwa, zatayika basi.

Choyamba, tipeze wolakwa: chimbale kapena makina? Tengani chimbale chokanidwacho mukachiyese m'makina ena, kaya kwa aphunzitsi kaya kwa oonetsa vidiyo pa msika. Chikakanidwa konsekonse, vuto ndi chimbale. Chikasewera kwinako, vuto lili m'dirayivi yathu, kakabati kaja kolowetsamo chimbale.

Ngati ndi chimbale, chitembenuzeni muone kunsi konyezimirako. Nthawi zambiri mumapeza mafuta a zala ndi fumbi. Pukutani ndi kansalu kofewa, kuchokera pa bowo la pakati kupita kumphepete, molunjika. Musapukute mozungulira ngati mukutsuka mbale ya nsima, chifukwa mawu ndi zithunzi zinalembedwa mozungulira, ndiye kukanda kotsata njira yomweyo kumawononga zambiri. Komanso chimbale chojambula tokha chili ndi mankhwala amene amafooka ndi dzuwa. Chija chimene chinakhala pa windo mwezi wonse wa Okutobala musadabwe nacho.

Palinso zimbale zimene wojambula sanazitseke. Makina ena ojambulira, monga makamera aja olowetsamo kachimbale kakang'ono, amafuna kuti ukamaliza uchitseke, pa Chipwitikizi amati finalizar. Ukapanda kutero, chimasewera m'makina amene anachijambulawo, kwina ayi. Mankhwala ake n'kubwerera nacho ku makina omwewo akachitseke.

Tsopano ngati vuto lili m'dirayivi, yang'anani kaye zolembedwa pa chitseko chake. Yolembedwa CD yokha singawerenge DVD, ndipo ya DVD singawerenge Blu-ray, ngakhale zimbalezo zimaoneka zofanana kukula. Ndiponso DVD zojambula zili mitundu iwiri: DVD-R imene inayamba mu 1997, ndi DVD+R imene inabwera mu 2002. Makina ena akale amalandira mtundu umodzi n'kukana unzake. Palinso za zipinda ziwiri, zolowa magigabayiti 8.5 pomwe wamba zimalowa 4.7. Izi nazo makina okalamba amavutika nazo.

Apa mumvetsere bwino, chifukwa m'pamene ambiri amasokonezeka. Munthu amati, "Dirayivi ili bwino, si iyi ikuimba CD?" Ayi abale. M'kati muja muli timauni tiwiri pansi pa kadiso kagalasi. Kena ndi ka CD, kena kofiira ndi ka DVD. Kamodzi katha kufa kanzake kali moyo. Ndiye CD ikamaimba koma DVD iliyonse ikukanidwa, dziwani kuti kofiira kaja katha. Kakamayamba kufooka, kamayamba n'kukana zimbale zojambula tokha, chifukwa sizibweza kuwala kokwanira ngati zogula za ku fakitale. Mumamva chimbale chikuzungulira, chaima, chazunguliranso, kenako zii.

Koma musanaweruze kuti kafa, ganizirani fumbi lathu la chilimwe ndi utsi wa nkhuni. Kadiso kakada, zizindikiro zake n'zomwezo. Pa laputopu kadisoko kamaonekera mukatsegula chitseko. Zimitsani makina, mukapukute pang'onopang'ono ndi kathonje koyera, osakanikiza. Pa kompyuta yaikulu kali m'kati, imeneyo asiyireni odziwa.

China chimene chimatigwira ife a m'malire ndi nambala ya chigawo. Eni mafilimu anagawa dziko lapansi: America ndi 1, Ulaya ndi South Africa ndi 2, ife kuno ku Mozambique pamodzi ndi Malawi ndi Zambia tili pa 5. Ndiye m'bale akabwera ndi filimu yogula m'sitolo ku Johannesburg, kompyuta itha kufunsa kuti musinthe chigawo. Chenjerani! Imalola kusintha kasanu kokha, ndipo pamene mwasiyira komaliza imakhala pomwepo mpaka kalekale. Ana asamangodina. Zimbale zathu zojambula tokha zilibe nambala imeneyi.

Chomaliza, nthawi zina chimbale chili bwino, dirayivi ili bwino. Mukatsegula mukuona mafayilo, foda yolembedwa VIDEO_TS ilipo, koma filimu osaoneka. Pamenepo chikusowa ndi pologalamu yoonetsera. Kuyambira pa Windows 8 ya mu 2012, makompyuta sabwera nayo yoonetsera DVD. Ikani VLC, ndi yaulere, musalipire munthu metikali ndi imodzi yomwe kuti akugulitseni.

Dirayivi ikafadi, si maliro a kompyuta yonse. Ilipo yapadera yolumikiza pa USB, pomwe timalowetsa fulashi paja, ndipo imagwiranso pa malaputopu atsopano amene alibe polowetsa chimbale.

Pempho langa kwa a komiti ndi ili. Tisadikire kuti kauni kathu kazime. Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi zimbale zimene akusunga kunyumba, tiziyese chimodzichimodzi. Zimene zikuwerengeka tizikopere m'kompyuta ndi pa fulashi, malo awiri, monga momwe mbewu sitiisunga m'nkhokwe imodzi. Zokanidwa tizilembe m'kope, tikaziyese ku wailesi tisanataye n'chimodzi chomwe. Amene ali ndi funso afunse pano, paja safunsa anadya phula.