Za Kuyesa Tsamba Lisanalowe m'Makina Osindikizira



Buku lachikumbutso limakhalitsa kupambana anthu amene adalikonza. Nchifukwa chake kuli koyenera kudziwa njira imene chithunzi ndi dzina zimadzera zisanafike m'manja mwa owerenga.

Wosindikiza alibe inki ya mtundu uliwonse umene diso limaona. Ali ndi mitundu inayi yokha: wobiriwira ngati thambo, wofiirira, wachikasu ndi wakuda. Amagawa chithunzi panayi, mtundu uliwonse ndi chitsulo chakechake, ndipo makina amadontheza timadontho ting'onoting'ono, tina pamwamba pa tinzake, kufikira nkhope ioneke. Chitsulo chimodzi chikasendera pang'ono, nkhope ya nkhalamba yolemekezeka imatuluka ndi mthunzi m'mphepete. Ndiponso galasi la kompyuta limapanga mitundu ndi kuwala, pamene pepala limaipanga ndi inki. Motero nsalu yoŵala pagalasi ikhoza kuzilala papepala. Chithunzi chimafuna timadontho 300 pa inchi imodzi, ndipo chimene chidzafika kumapeto kwa tsamba chipitirire ndi mamilimita 3, kuti mpeni wodulira usasiye mzere woyera.

Zonsezi zikakonzeka, wosindikiza amatulutsa tsamba loyesera, lija pa Chipwitikizi amati prova. Ili ndilo khomo lotsiriza. Mwini buku aliyang'ane poyera, osati pa nyali, aŵerenge dzina lililonse lemba ndi lemba, chaka chilichonse nambala ndi nambala, kenaka apatse mnzake amene sadalembe nawo, pakuti diso la wolemba limaona zimene mtima wake udafuna kulemba. Akasaina, cholakwa chotsala ndi chake, ndipo makina adzachibwereza m'buku lililonse. Madzi akatayika saoleka.

M'chaka cha 1631, ku London, Robert Barker ndi Martin Lucas, osindikiza a mfumu Charles I, adatulutsa Baibulo m'mene mudasoŵa kaliwu kamodzi ka malemba atatu pa lamulo loletsa chigololo, kotero kuti lamulolo lidasanduka lolamula tchimo limene lidayenera kuletsa. Adawalipiritsa mapaundi 300 nawalanda chilolezo chao.

Tsono amene apatsidwa tsamba loyesera asalione ngati ntchito yochepa. Mdzukulu wodzafuna dzina la agogo ake m'bukumo sadzakhala ndi womufunsa. Adzakhulupirira chimene chidasindikizidwa.