Mizere ya pa bolodi siinena zonse

Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa kalabu yathu kuno ku Manje

Anzanga, makamaka inu amene mukukonzekera mayeso a MSCE, chithunzi chija cha mu Physics tonse tikuchidziwa: kadontho ka + pakati, mivi ikutuluka mbali zonse ngati masipoko a njinga. Imeneyo timati electric field, dera lozungulira chaji momwe chaji ina imakokedwa kapena kukankhidwa. Maganizo a mizereyi anabwera nawo ndi Michael Faraday wa ku England m'zaka za m'ma 1830. Mizereyi ndi yothandiza, koma pali zitatu zimene ingakusocheretseni nazo.

Choyamba, musaganize kuti pakati pa mizere iwiri palibe kanthu. Mphamvu ilipo paliponse. Wojambula amangosankha mizere 8 kapena 12 kuti bolodi isadzadze choko.

Chachiwiri, ndipo apa mvetserani bwino: pepala ndi lafulati. Mu 1785, Charles-Augustin de Coulomb wa ku France anaonetsa kuti mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu imatsala gawo limodzi mwa magawo 4. Tsopano tengani rula. Yezani mpata wa pakati pa mizere iwiri pa masentimita 2 kuchokera pa kadonthoko, kenako pa masentimita 4. Mpatawo wangowirikiza kawiri, ndiye chithunzi chikukunamizani kuti mphamvu yatsala theka. Chifukwa chake n'chakuti field yeniyeni imafalikira mbali zonse ngati mpira, m'mwamba ndi pansi pomwe, pomwe pepala likuonetsa kagawo kamodzi basi.

Chachitatu, muvi umaloza kumene chaji ya + ingakankhidwire. Electron imakankhidwira mbali inayo. Komanso mzerewo si msewu woti chaji yothamanga iziutsata mpaka kumapeto.

Mukafika kunyumba, tikitani chipeso cha pulasitiki m'tsitsi louma, muchiyandikitse ku tizidutswa ta pepala. Yesani kuchokera pamwamba, kenako cham'mbali. Tikokedwa ndithu, ndipo simupeza mpata womwe mphamvu kulibe.

Ndiye pa mayeso jambulani monga mwa lamulo: mivi ituluke ku +, ilowe ku −, mizere isadutsane. Koma funso likafuna kukula kwa mphamvu, musawerenge mizere. Gwiritsani ntchito lamulo la Coulomb, kuti malikisi asakupulumukeni chifukwa cha chithunzi.