Mawu a mlendo wolemekezeka pa mwambo wa sabata ya kuyamwitsa ku Chambe



Chaka chilichonse kuyambira pa 1 mpaka pa 7 Ogasiti dziko lonse limakumbutsana za kuyamwitsa. Ine lero ndiyankhula za chinthu chimene chimaletsa ana bere m'midzi mwathu muno mwakachetechete, ndicho mantha a mankhwala.

Mayi wadwala malungo, kuchipatala amupatsa LA. Pofika kunyumba agogo a mwana akuti, "Usamupatse bere, mkakawo wawonongeka." Khanda la miyezi itatu aliyambitsa phala lamadzimadzi, ndipo sabata isanathe lili kumbuyo kwa amake, ulendo wa kuchipatala, likutsegula m'mimba. Agogo aja sanachite mwankhanza ayi, palibe anawafotokozera. Mankhwala ambiri amene timalandira amalowa mu mkaka pang'ono zedi. Panado, amoxicillin, LA, ngakhale mankhwala a TB, mayi amamwa uku akuyamwitsa. Bere likatupa, mwana apitirize kuyamwa ndithu, chifukwa mkaka ukamatuluka ndiye kutupako kumaphwera.

Pa ma ARV tili ndi mbiri yonyaditsa. Mu 2011 Malawi inakhala dziko loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV, ndipo mayiko ena anatengera kwa ife. Mwana wa mayi wotere amamwa nevirapine masabata 6 oyamba, kenako Bactrim, uku akuyamwa mwakathithi kwa miyezi 6. Choopsa apa si mankhwala, koma kudumphitsa. Mayi akabisa botolo poopa apongozi n'kumamwa mwa apo ndi apo, kachilombo kamachuluka m'magazi ndi mu mkaka momwe. Abambo, pamenepa ndikuyang'ana inu.

Alipo mankhwala ofuna kusamala. Mapiritsi ena olerera amachepetsa mkaka m'miyezi yoyamba, n'chifukwa chake anamwino amakupatsani jakisoni wa Depo kapena njira ya pamkono. Codeine amagonetsa mwana mpaka kulephera kuyamwa. Mankhwala a khansa ndiye amafunika kusiyitsa bere, koma zimenezo amanena ndi adokotala, osati anzanu a kuchitsime. Ondidetsa nkhawa kwambiri ndi makapisozi ogula pamsika, oyanikidwa padzuwa opanda dzina, komanso zitsamba zimene mphamvu yake palibe anayeza. Kachasunso amadutsa mu mkaka.

Tsopano inu a chipatala. Ndikudziwa kuti mzere umatalika, makamaka tsiku la sikelo, ndipo ogwira ntchito ndinu ochepa. Komabe mayi amene wasiya mwana kunyumba saoneka kuti akuyamwitsa. Musanalembe mankhwala m'buku lake, mufunseni. Pomupatsa, musangoti "awiri m'mawa, awiri madzulo." Muuzeni momveka kuti apitirize kuyamwitsa, ndi kuti abwere msanga mwana akamagona mopitirira muyeso, akamakana bere kapena akatuluka zidzolo. Ngati wabwera ndi agogo, aitaneni alowe amve okha.

Amayi, inunso mukakhala pamaso pa adokotala nenani nokha kuti muli ndi mwana woyamwa, miyezi yake, ndi mankhwala ena alionse amene mukumwa, ngakhale a kwa asing'anga.

Mafumu, mawu amenewa mukawafikitse pa misonkhano ya m'midzi mwanu.