Bulangete la Mlonda ndi Nsalu Yopukutira M'manja

Ife a brigada yophunzitsa kuwerenga tayenda ku Mandimba, ku Ngauma ndi ku Cuamba. Takhala nanu m'zigafa za fodya, m'misika ndi m'nyumba zosungira thonje. Lero tisanatsegule mabuku, tikambe za chinthu chimene tachiona paliponse: nsalu imodzi, anthu ambiri.

Tiyambe ndi mlonda. Panyumba ina yosungira katundu ku Cuamba tinapeza alonda anayi, onse akudzikanda. Mmodzi analephera kugwira pensulo chifukwa cha zilonda za pakati pa zala. Iwo anati madzi a pamalopo ndi oipa. Titafunsitsa, tinamva kuti m'mwezi wa Juni, kukazizira, onse amafunda bulangete limodzi mosinthana. Wausiku akachoka, amalipinda nalisiyira mnzake. Bulangetelo linali lisanaone madzi kapena dzuwa.

Imeneyo inali mphere. Mphere imadza ndi kachilombo kakang'ono kwambiri kamene kamakumba pakhungu ndi kuikiramo mazira. Kawirikawiri kamachoka kwa munthu kupita kwa mnzake pokhudzana khungu, komanso kamatha kukhala m'bulangete kapena pamphasa masiku 2 kapena 3. Choipa chake nchakuti munthu wogwidwa koyamba amatha masabata 4 mpaka 6 asanayambe kumva kuyabwa. Nthawi yonseyo akugona ndi mkazi wake, akunyamula ana ake. Akamadzayamba kukanda, nyumba yonse yalowamo kale.

Nchifukwa chiyani nsalu imasunga matenda kuposa tebulo? Tebulo mumalipukuta ndi sopo, limauma, zatha. Nsalu ili ndi ulusi wambiri. Imamwa thukuta, misozi ndi mamina, ndipo imachedwa kuuma. Tizilombo timakonda pamalo ponyowa.

Taganizani za nsalu ya pamalo odyera pamsika wa ku Mandimba. Munthu wasamba m'manja bwinobwino, kenaka akupukuta ndi kansalu kamene apukutira anthu ambirimbiri chiyambire m'mawa. Sopo uja wapita pachabe! Ndi bwino kungokutumula manja kuti aume okha. M'chaka cha 2024 matenda a maso ofiira anavuta ku Nampula ndiponso ku Karonga, ku Malawi. Matenda otere amayenda ndi manja ndi nsalu zopukutira kumaso. Inunso ometa tsitsi, nsalu yomwe mwaveka mwana wa chipere musaveke mwana wina musanaichape.

Pali china choopsa kuposa zonsezi. Mu Seputembala 2022 kolera inabuka m'boma la Lago, muno mu Niassa, ndipo inafalikira m'zigawo zina za dziko lathu. Kolera imayenda m'madzi ndi m'chakudya. Koma kapulana kapena mphasa imene wodwala waipitsira imakhala yodzaza tizilombo. Mayi wachifundo akaitenga kukachapa kumtsinje kapena pafupi ndi chitsime, mudzi wonse umamwa zimenezo. Zovala zotere ziwiritsidwe, kapena ziviikidwe m'madzi a klorini monga atilangizira achipatala, ndipo madzi ochapirawo atayidwe m'chimbudzi. Mphasa yoipitsidwa kwambiri itenthedwe. Tikudziwa kuti mphasa ndi ndalama, ndipo sitinena izi mopepuka.

Ena mudzati, "Aphunzitsi, sopo ndi wodula." Nzoona, ifenso timagula kumsika komweko. Koma moto tili nawo, dzuwa tili nalo. Madzi otentha kwambiri amapha kachilombo ka mphere pamodzi ndi mazira ake. Chimene sichingachapidwe, chimangidwe m'thumba la pulasitiki, chikhale masiku osachepera 3 osakhudzidwa ndi munthu. Kachilomboko kakasowa khungu kamafa. Ndipo mankhwala a kuchipatala apakidwe ndi onse a m'nyumbamo tsiku limodzi, ngakhale amene sakukanda, apo ayi matendawo amangozungulira.

Alonda aja anapita kuchipatala ndi mabanja awo. Pambuyo pake anakhala pansi nalemba kalata kwa akuluakulu a pantchito, yopempha bulangete la munthu aliyense payekha. Anailemba ndi manja awo, ife tinangowakonzera zilembo ziwiri. Yankho lake linali lisanabwere pamene tinkachoka.

Tsopano tengani mapensulo. Mawu a lero ndi awa: NSALU, MPHASA, MPHERE. Taonani kuti awiri omalizawo amayamba ndi zilembo zofanana. Mawa aliyense abwere atalemba zinthu zofewa zimene amabwerekana ndi anzake kuntchito kwake, ngakhale nkhata yosenzera katundu.