Malankhulidwe Athu Kuno Kumalire



Ife a kuno ku Mchinji tikhala pamalire. Chipata ili pafupi nafe koposa Lilongwe, ndipo ambiri a ife tili ndi apongozi, azilamu kapena zidzukulu kupitirira pa Mwami. Makolo athu ankayenderana kalekale, azungu asadatche malo ano Fort Manning ndi kwa anzathuko Fort Jameson.

Koma lero mwana wathu akatenga mkazi ku Zambia, timamva "manzi" m'malo mwa madzi, "manje" m'malo mwa tsopano, "nifuna" m'malo mwa ndifuna. Ena a ife timagwira pakamwa kuseka. Mtengwayo amaona. M'mawa mwake sayankhulanso pamtondo, kumsonkhano amakhala kumbuyo, tikamupempha kuti atsekere ndi pemphero amakana. Timati ngwonyada, chikhalirecho tamutseka pakamwa ndife.

Kodi Chichewa chathuchi sichidasinthepo? Kufikira 1968 m'sukulu chinkatchedwa Chinyanja, dzina limene anzathu a ku Zambia akali nalo. Buku Lopatulika la 1922 lidalemba "cifukwa" popanda h, monga alembera kwawoko mpaka lero. Chilembo chimenechi tidaonjezera ndife, Bungwe la Chichewa litakhazikitsidwa mu 1972. Tsono wasintha ndani?

Taonaninso abale athu Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni. Makolo awo adaoloka Zambezi mu 1835 ali ndi chiyankhulo chawochawo. Chidazilala pang'onopang'ono, pakuti ana adayamwa mawu a amayi awo, Achewa ndi Ansenga amene adakwatiwa pakati pawo. Chatsalira m'nyimbo za ingoma ndi m'mawu monga nduna ndi lobola. Nkhondo sidachithe ayi, chidathera pamsana pa amayi.

Chimene chiyenera kutidetsa nkhawa ndi china. Mdzukulu wobadwira pompano amapatsa agogo ake moni wa "bho" ali chiimire, maso ali pa foni, nawatchula "iwe". Pamenepo mtengwa wa ku Chipata uja, ndi "manzi" akewo, amagwada nalandira chikho ndi manja awiri. Ife timadzudzula uyu, winayo timangomuyang'ana.

Amene tidafikako ku Kulamba, ku Mkaika, tidaona Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique akulamba kwa Kalonga Gawa Undi popanda womasulira. Tikupempha atsogoleri a m'mipingo kuti pamsonkhano ukudzawu amayi ochokera ku Zambia apatsidwe nyimbo yoti ayambitse, m'mayimbidwe a kwawo.